Victrola ya kuchipinda chapansi: mtengo wake, ndi kuikonza osaipha

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wakumudzi amene akukhala ku Indiana. Ndaidula pang'ono, koma mawu ndi awo:

"Achimwene, m'nyumba imene tagula tapezamo kabati yaitali kuchipinda chapansi, eni ake akale anaisiya. Ukatsegula chivindikiro muli galamafoni, ndipo pali chithunzi cha galu akusuzumira m'lipenga. Pa kachitsulo kena palembedwa VV-XI ndi manambala. Kunja ndi yakuda bii, yang'alukang'aluka ngati khungu la ng'ona. Bambo akunyumba akuti aipale ndi mashini, apake vanishi wonyezimira, achotse zam'kati ikhale mosungira zakumwa. Ine ndaona pa intaneti ena akugulitsa zoterezi madola masauzande. Kodi tatola chikwama? Nanga mbale za malemu bambo anga zimene ndinabwera nazo kuchokera ku Blantyre zingaimbe pamenepa?"

Mayi, tisanapite patali, kabiseni mashini opalirawo. Bambo akafunsa, muwauze kuti anabwerekedwa. Zina zonse tikambirana modekha, koma ichi chokha n'chachangu, chifukwa kabati imene yadikira zaka zoposa 100 ikhoza kuphedwa Loweruka limodzi nkhomaliro isanapse.

Tsono za chikwama. Sindikunamizani, simunalemere. Zilembo VV zikuimira Victor-Victrola, ndipo XI ndi 11 m'manambala a Chiroma, mtundu wa galamafoniyo. Inapangidwa ku Camden, New Jersey, ndi Victor Talking Machine Company, kampani imene Eldridge Johnson anayambitsa mu 1901. Poyamba magalamafoni awo anali a lipenga lakunja, lija mukuliona pa chithunzi cha galucho. Lipengalo linkadya malo, linkakola fumbi, ana ankaligunda, ndipo pabalaza pa munthu wodzilemekeza linkaoneka ngati chida chakufakitale. Mu 1906 a Victor analipinda n'kulibisa m'kati mwa kabati ya matabwa okongola, n'kuitcha Victrola. Yoyambayo inkagulidwa madola 200, ndalama ya mabwana okhaokha. Inayenda malonda, ndipo posakhalitsa anayamba kutulutsa zotsikirako mtengo. Mtundu wanuwo unatuluka mu 1910 n'kupangidwa mpaka 1921, ndipo kwa zaka zingapo unkagulidwa madola 100. Musaipeputse ndalama imeneyo. Mu 1914 America yense anagwira pakamwa Henry Ford atalengeza kuti antchito ake azilandira madola 5 patsiku. Ndiye kuti ngakhale wantchito wamwayiyo ankayenera kukhetsa thukuta masiku 20, osadya, osalipira lendi, kuti alowetse kabati ngati yanuyo m'nyumba.

Komabe anthu anaigula, ndipo apa m'pamene pagona tsoka lanu. Za mtundu wa XI wokhawu anapanga zopitirira 800,000. Inali galamafoni ya aphunzitsi, ya makalaliki, ya alimi amene chimanga chawayendera. Wailesi itabwera m'zaka za m'ma 1920 anthu anayamba kuzinyanyala, moti mu 1925 kampaniyo inagulitsa zotsala m'masitolo pa theka la mtengo. Zambiri zinatsitsidwira kuchipinda chapansi, ndipo poti n'zolemera, palibe amene anafuna kuzikwezanso masitepe kuti akazitaye. N'chifukwa chake zilipo mbwee mpaka lero. XI yathunthu, yoimba bwino, kawirikawiri imasintha manja pa madola mazana ochepa chabe, ndipo yosaimba imatsika kuposa pamenepo. Wogulanso ayenera kukhala wapafupi, wa galimoto yakeyake, chifukwa kuitumiza kutali kumadya ndalama yoposa mtengo wake.

Masauzande amene mwaona pa intanetiwo ndi mtengo wotchula. Mukudziwa pa kaunjika, wogulitsa amayamba wayang'ana nsapato zako asanatsegule pakamwa. Pa eBay pali posankha kuti muone zokhazo zimene zinagulidwadi. Dinani pamenepo, mtima ukhala m'malo.

Zilipo zodula, inde. Za lipenga lakunja zenizeni za Victor, makamaka zazikulu monga V ndi VI. Ma Victrola oyambirira aja, amene makabati ake ankapangidwa ndi kampani ya mipando ya Pooley ku Philadelphia. Zokutidwa ndi thabwa losowa la Circassian walnut. Palinso Credenza ya 1925, ya gulu la Orthophonic, imene anthu amaifuna chifukwa cha mawu ake okuya, poti muli lipenga lalitali lopindidwa mwaluso. Ndikuchenjezeninso, mwina tsiku lina mudzakopeka: zambiri za lipenga lamkuwa lonyezimira zimene zimapezeka m'misika ya zakale, zomatidwa chizindikiro cha galu chija, chotchedwa His Master's Voice, n'zongopangidwa posachedwa ku India, ndi zitsulo zotolera m'magalamafoni akufa. N'zokongoletsera pashelefu basi, ndipo zimadya mbale.

Koma tibwerere kwa yanuyo. Kandalama kochepa kamene ili nako kagona pa zinthu ziwiri: kuti ndi yathunthu, ndiponso kuti khungu lake ndi lomwe inachoka nalo ku Camden. Munthu wodziwa akabwera kudzaiona sayamba ndi kunyezimira. Amatsegula chivindikiro kuona ngati chithunzi cha galu chilipo, amawerenga kachitsulo kaja, amafunsa chopukusira, amayang'ana mutu wogwira singano, tizogwirira ta zitseko, timawilo ta kumiyendo ndi mashelefu a mbale. Akaona vanishi wamakono, wokhala ngati pulasitiki, amatseka chivindikiro mwaulemu n'kufunsa njira yotulukira. Ndiye mapulani a bambo aja akupha mbali zonse ziwiri: kupala kuchotsa khungu, kutulutsa zam'kati kuchotsa moyo. Chotsala ndi bokosi lakale la mabotolo, lopanda wolifuna.

Chimene anthu ambiri sazindikira n'chakuti kabatiyo payokha ndi choimbira, ngati mimba ya gitala. Mulibe magetsi, mulibe waya ndi mmodzi yemwe. Singano ikamayenda mu mzere wa mbale imanjenjemera, kunjenjemerako kumakwera ndi kachitsulo kukafika pa kagalasi kopyapyala ka mwala wa mica kali m'mutumo, kagalasiko kamakankha mpweya, mpweyawo umadutsa mu mkono wachitsulo, kutsika pansi, n'kulowa m'lipenga limene limanka likula mpaka kukamwa kwake kwa matabwa. Tsegulani tizitseko tiwiri tam'mwamba, muona timatabwa topendekeka: pamenepo ndiye pakamwa. Tizitseko timeneto ndiye voliyumu. Mukatsegula kwambiri, aneba amva. Mukatseka, mwana agona. Zitseko zazikulu zam'munsi ndi mosungira mbale. Musanachite china chilichonse, unikani ndi tochi m'lipengamo ndi kuseri kwa mashelefu. Mbewa zimakonda kumangamo, komanso anthu akale ankagwetseramo tizitini ta singano ndi mapepala ogulira. Zoterozo musataye, zimayenda ndi galamafoniyo.

Tsopano khungu la ng'ona lija, ndipo apa ndikhalitsapo, chifukwa m'pamene anthu amalakwitsa.

Kuda mukukuonako si thabwa. Makabati a nthawi imeneyo ankapakidwa shellac, ndipo ena ankawonjezera vanishi pamwamba pake. Shellac ndi utomoni wa kachirombo kena ka m'mitengo ya ku India ndi Thailand, umene amausungunula mu sipiriti. Ukakalamba, ukamva kutentha ndi kuzizira kwa zaka zambirimbiri, umakwinyika n'kung'aluka, ndipo m'ming'alumo mumalowa utsi wa malasha, fodya, mafuta a nyale ndi polishi yense amene agogo a eni nyumba anapakapo. Pansi pa litsirolo kawirikawiri pamakhala mahogany wofiira, msuweni wa mbawa wathu uja, ali gone osakhudzidwa. Mukafuna umboni, yang'anani kunsi kwa chivindikiro ndi kuseri kwa zitseko, kumene dzuwa ndi fumbi sizinafike. Mtundu umene muone kumeneko ndi umene kabati yonse inali nawo tsiku loigula.

Ndipo mahogany ameneyo ndi wopyapyala zedi. M'mbali ndi pa chivindikiro anangomata kachikhungu ka thabwa lokongola, kokhuthala pafupifupi milimita imodzi, pamwamba pa thabwa wamba. Amisiri amakatcha veneer. Ine ndinaphunzira zimenezi ndi misozi. Victrola yanga yoyamba inali yaing'ono, yapatebulo, ndipo ndinaiukira ndi mashini ngati mmene bambo akufuniramo. Mphindi zoyamba ndinkaimba mluzu, fumbi lofiira lili tolo. Kenaka pakona ya chivindikiro panatulukira kadontho koyera, kofanana ndi ndalama yachitsulo. Ndinaganiza kuti ndi litsiro, ndinakanikizanso. Kadonthoko kanakula kufika pa chikhatho. Ndinali nditaboola mahogany n'kufika pa thabwa loyera lapansi, ndipo palibe utoto umene unabisa chipseracho. Ngati kuti sizinakwane, ndinapukuta kunsi kwa chivindikiro ndi nsanza ya sipiriti, ndipo galu uja anasungunuka ndikuona, kuyambira kumchira. Ilipobe m'galaja, ndimasungiramo misomali.

Choncho yambani ndi zofatsa. Burashi yofewa ndi mashini opopa fumbi. Madzi ayi, ngakhale a sopo, chifukwa shellac akamwa madzi amachita mawanga oyera, ndipo guluu wa pansi pa veneer amalekerera. Mukatero gulani mineral spirits, amene ku Britain amati white spirit. Ameneyu amasungunula phula ndi mafuta akale koma shellac samukhudza. Nyowetsani kansanza koyera, pukutani kachigawo kakang'ono kumbuyo kwa kabati, kumene alendo saona. Nsanzayo ituluka yabulauni ngati yopukutira mphika. Tembenuzani, pitirizani, kachigawo kamodzi pa nthawi, mawindo ali otsegula, moto uli kutali. Pamene litsiro lakakamira, anthu ambiri okonza makabatiwa amagwiritsa ntchito sopo wa amakaniko uja wosafuna madzi, koma akhale wopanda timchenga, n'kumasisita pang'onopang'ono ndi steel wool wosalala kwambiri, wa nambala 0000, motsata mizere ya thabwa. Si ntchito ya tsiku limodzi. Mbali imodzi madzulo amodzi, wailesi ikulira. Ikauma pakani phula la mipando la m'chitini, lochepa, n'kupukuta ndi nsalu yofewa. Mapolishi opopera aja asiyeni, ambiri ali ndi silicone amene amalowerera m'thabwa n'kudzavutitsa aliyense wofuna kukonza mtsogolo.

Makabati ambiri amathera pomwepa, ndipo eni ake sakhulupirira maso awo. Ming'alu ing'onoing'ono ikatsala, isiyeni. Nkhalamba imakongola ndi makwinya ake.

Ngati khungulo lakwinyika moipa, lokhakhala ngati chikwanje chadzimbiri, pali njira ina yosafuna kupala. Tengani kathonje, kanyowetseni ndi sipiriti, amene kwanuko m'sitolo amalemba denatured alcohol, n'kukhudza malo obisika. Pakayamba kunanda pakapita kamphindi, ndiye kuti ndi shellac. Ubwino wa shellac ndi woti ngakhale wa zaka 100 amasungunukanso. Mmisiri amadutsitsa burashi yonyowa ndi sipiriti mopepuka, khungu lakale limafewa, ming'alu imatsekeka yokha, n'kuumanso losalala, utoto wake uli womwewo. Kunena n'kosavuta, koma dzanja likachedwa pamalo amodzi limakokolola zonse mpaka utoto. Yeserani kumbuyo kaye, mbaliyo itagonekedwa kuti zisayenderere, ndipo ngati mtima ukugunda, pitani nayo kwa wokonza mipando yakale. Pozungulira chithunzi cha galu sipiriti asayandikire n'komwe. Pamenepo nsalu youma yakwana.

Poti yakhala kuchipinda chapansi, gwadani muone miyendo ndi m'munsi. Chinyontho chimayambira kumeneko. Gogodani veneer ndi chikhadabo: pamene pamatuka pamalira mopepuka, ngati chikho chopanda kanthu. Akale ankamata ndi guluu wa zikopa, amene amafewa ndi kutentha ndi chinyontho, ndipo guluu yemweyo ndi woyenera kubwezerapo. Amagulitsidwa wamadzimadzi m'botolo. Lowetsani pang'ono ndi kampeni kopyapyala, ikani pepala la phula pamwamba, kenaka kathabwa kosalala, n'kupana usiku wonse. Super glue ndi guluu wa nsapato ayi, amenewo salola kubweza ukalakwitsa. Kachidutswa kalikonse ka veneer kamene kagwa, tolani musunge mu envulopu. Mukaona timabowo ngati ta nyemba zofumbwa, yalani pepala lakuda pansi pake kwa masabata awiri. Pakagwa ufa woyera ndiye kuti tizirombo tikadali moyo, ndipo kabatiyo isayandikire mipando ina mpaka itathiridwa mankhwala. Poikweza kumwamba, chotsani chopukusira pochizunguza chobwerera m'mbuyo, nyamulani chozungulira chimene pamakhala mbale pamodzi ndi mutu wa singano padera, ndipo musaiike pafupi ndi potulukira mpweya wotentha. Nyumba za kwanuko zimauma kwambiri nthawi yachisanu, ndipo thabwa lochokera m'chinyontho likauma mwadzidzidzi limang'ambika.

Za injini ndinena mwachidule. Muli masipuling'i awiri, aliyense wotalika mamita angapo, opindidwa m'chitini chodzaza girizi wakuda. Girizi wa zaka 100 amauma ngati phula la pamsewu, n'chifukwa chake mukapukusa mumva kuti gu! nyimbo ili pakati. Timagiya mukhoza kutsuka ndi kuthira mafuta a mashini osokera. Koma chitini cha masipuling'i musatsegule, ndipo bambo asayese dala kuonetsa chamuna. Chitsulo chimenecho chikafwamphuka chimacheka zala ndi nkhope. Alipo amisiri amene mumangowatumizira injiniyo papositi n'kukubwezerani yotsuka.

Chimene chimasintha mawu kwambiri, pa ndalama yochepetsetsa, ndi mutu uja. Pa XI mupeza wolembedwa Exhibition, kapena Victrola No. 2 ngati ili ya zaka zakumapeto. Kagalasi ka mica kamagwiridwa ndi timalabala tiwiri tozungulira, ndipo timeneti pofika lero tauma gwa ngati fupa. Zotsatira zake ndi mawu a m'chitini, onzuna, amene anthu amaganiza kuti ndiwo mawu a galamafoni. Si choncho. Timalabala tatsopano timagulitsidwabe, ndipo mutu wokonzedwa bwino umatulutsa liwu la munthu lodzaza chipinda mpaka tsitsi kuima. Umasamalanso mbale, chifukwa singano ikamasuka kugwedezeka siikumba mzere.

Singanozo ndi zachitsulo, ndipo lamulo lake ndi limodzi: singano imodzi, mbali imodzi ya mbale, kenaka kutaya. Mbale za 78, kutanthauza zozungulira ka 78 pamphindi, anazipanga dala zokhakhala pang'ono kuti zizidya singano m'malo moti singano idye mbale. Mukaibwereza, nsonga yake imakhala itasanduka tchizulo. Zimagulitsidwa m'timapaketi ta 100 pamtengo wozizira, ndiye palibe chifukwa choumira. Zimene mwazipeza m'kambale ka pambali pa chozungulira zitayeni, simungadziwe zatsopano ndi zakutha.

Ndatsala ndi mbale za malemu bambo anu, ndipo kunena zoona, mu imelo yanu yonse chimene chandikhazika tsonga ndi chimenechi. Musaikepo ngakhale imodzi musanazisanthule. Zikakhala zazing'ono za bowo lalikulu pakati, ndi za 45. Zikakhala zazikulu, zopepuka, zopindika pang'ono mukazigwira, ndi ma LP a 33. Mitundu iwiriyi inabwera mochedwa, LP mu 1948 ndipo 45 mu 1949, ndipo ndi ya pulasitiki wofewa wa timizere tating'ono. Mutu wa Victrola umakanikiza ndi kulemera kopitirira magalamu 100, pamene choimbira chamakono chimangokhudza ndi magalamu awiri kapena atatu. Kamodzi kokha, nyimbo yonse yalimidwa ngati munda, ndipo siibwerera.

Zikakhala zolemera, zolimba, zosapindika, zoti zikagwa zimasweka ngati mbale yadothi, ndiye za 78, ndipo liwiro lake likugwirizana ndi galamafoni yanu. Zimenezi ndi zija ankabwera nazo madoda ochokera ku Joni ndi ku Salisbury (Harare ya lero), pamodzi ndi galamafoni ya m'kasutikesi, mudzi wonse n'kusonkhana pabwalo kudzaona bokosi loimba. Zambiri zinkadindidwa ku Johannesburg, pa zizindikiro monga Gallotone ndi Troubadour. Ngakhale zili choncho ndikupemphani kuti mudikire. Kuyambira 1925 nyimbo zinayamba kujambulidwa ndi maikolofoni, ndipo mbale za m'ma 1950 zili ndi mawu amphamvu kuposa amene mutu wa XI unapangidwira, moti pofika pokweza umalira ngati wasweka, mbale n'kumaperepeseka. Mbale ya gulu la ku America la m'ma 1920 ikatha mukagula ina mawa, zili mulu m'masitolo a zakale. Koma mbale ya kwela kapena ya oimba gitala akwathu, yopulumuka kutentha kwa denga la malata, ana ndi maulendo, mwina zatsala zowerengeka padziko lonse. Hugh Tracey, amene anayambitsa International Library of African Music mu 1954, anayendayenda ku Nyasaland m'zaka za m'ma 1950 akujambula nyimbo, ndipo nkhokwe yakeyo lero ili ku Rhodes University ku South Africa. Anthu a m'nkhokwe zoterezi ndi amene angakuuzeni ngati muli ndi chosowa. Zoterozo ziyambe zaimbidwa pa choimbira chamagetsi cha singano yoyenera 78, mawu ake asungidwe pa kompyuta, kenaka muone ngati mukufunabe kuzimvera pa lipenga.

Ndipo sipiriti uja asayandikire mbale zimenezi. Nazonso ndi za shellac, yemwe uja wa pa kabati, ndipo zimasungunuka chimodzimodzi. Zipukuteni ndi burashi yofewa motsata mizere, zisungeni choimika, iliyonse m'chikwama chake cha pepala, kutali ndi dzuwa. Mukapeza pakati pa zimene eni nyumba anasiya ina yokhuthala modabwitsa, yolembedwa Edison, iikeni padera: mizere yake inadulidwa mozama m'malo mwa cham'mbali, imafuna singano ya dayamondi, ndipo yachitsulo imaiwononga.

Nditumizireni zithunzi zitatu: kachitsulo ka manambala kaja, kuti tione chaka chimene inapangidwa, kunsi kwa chivindikiro, ndi miyendo yakumbuyo. Muwonjezepo mapepala apakati a mbale za bambo anu, iliyonse payokha, mbali zonse ziwiri, pamalo owala kuti zilembo ziwerengeke. Bambo akunyumba apatseni nsanza ndi botolo la mineral spirits, ayambe kumbuyo.